Za pulogalamu ya masika ku laibulale yathu

Nankhoma wa Laibulale: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Komiti inakumana dzulo nde andituma ndikuuzeni zomwe takonza za miyezi ya Epulo ndi Meyi poti mvula yayamba kukata ndipo kamsewu kathu kaja kayamba kupitika. Chaka chino tikufuna laibulale isamangokhala ya anthu olemba mayeso okha. Loweruka m'mawa 9 koloko ana a Sitandade 1 mpaka 4 azibwera kudzamvera nthano, kuwerenga mokweza ndi kujambula. Lachitatu masana achinyamata, za mawaya, mababu, sola, komanso kutayipa pa makompyuta athu awiri aja. Akuluakulu Lachinayi 2 koloko, kuwerenga, kulemba ndi masamu a pa msika. Ndiye pa 23 Epulo paja ndi tsiku lokumbukira mabuku pa dziko lonse, tikufuna tidzachiteko kanthu panja pansi pa mango paja. Zonse zaulere. Sitinatseke nkhani ayi, yankhulanipo

Make Tadala: Eee zikomo anti izi nde timadikira. Holide yapita ija Tadala anangokhalira ku vidiyo sho ya pa msika, kubwera kunyumba kumamenya mlongo wake mateche ati karate. Mundilembere awiri, wa Sitandade 2 ndi wa Sitandade 4

Kandideti: Asisi pepani ndiyankhuleko ngakhale ndine mwana pa gulu pano. Chipinda ndi chimodzi chomwechi, matebulo anayi, ndipo Loweruka ndi tsiku lokhalo lomwe ife a Fomu 4 timakhala tsiku lonse tikuwerenga, mayeso a MANEB atsala miyezi itatu, a Sitandade 8 nde atsala ndi masabata owerengeka poti iwo amalemba mu Meyi. Mukabweretsa ana 40 akukuwa tilitonse tilitonse ife tiwerenga bwanji? Kunyumba sikuwerengeka, fodya ali mpaka pa khonde

Wa Kabaza: kkkkk akandideti ayamba kale kusaka ponamizira, mukadzalakwa mudzati ndi ana a nthano

Kandideti: Achimwene sizoseka izi

Aphunzitsi Opuma: Mnyamatayu musamuseke, ali ndi mfundo. Koma nanenso mundimvere. Ine ndaphunzitsa pulayimale zaka zoposa 30, zambiri mwa izo Sitandade 5, ndipo kalasi imeneyo ndi pomwe umaonera zonse. Mwana amachokera ku Sitandade 4 komwe zinthu amazimva m'Chichewa, kufika kwa ine mabuku onse asanduka Chingerezi kupatula la Chichewa lokha. Amene wafika akuwerenga kale Chichewa mosadodoma, Chingerezicho amachitola pang'onopang'ono. Koma uja wowerenga ndi chala, ba be bi, woti pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala kale poyambira, ameneyo amangokhala kumbuyo, kubwereza, kubwerezanso, kenako mumakamupeza pa msika akugulitsa majumbo. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi anadzaza, ine ndaphunzitsapo ana oposa 100 pansi pa mtengo, nde mundiuze mphunzitsi mmodzi angamvetsere bwanji mwana aliyense akuwerenga? Loweruka limeneli ndi mpata woti mwana apeze munthu wamkulu womukhalira pambali n'kumumvera ndime yonse mpaka kumapeto. Ine ndidzabwera, ndilembeni kukhala wothandiza.

Nankhoma wa Laibulale: Zikomo aphunzitsi. Akandideti musadandaule, anawo sadzalowa mkati, tidzayala mphasa pansi pa mango

Kandideti: Mango wake ali pa windo penipeni asisi, ndipo windo limenelo lilibe galasi chiswekere ndi mpira chaka chatha

Wa Kabaza: amene anaswa ali pa gulu pompano koma sinditchula

Make Tadala: Bwanji anawo apite kuseri, ku mthethe uli pafupi ndi mjigo kuja? Kuli mthunzi wabwino komanso madzi ali pafupi, mwana akati ludzu sakuvutitsani

Nankhoma wa Laibulale: Imeneyo ndi nzeru. Ndipo ana azitha 11 koloko. Akandideti mukasankha mmodzi wodalirika ndizimusiyira kiyi Loweruka mpaka dzuwa kulowa, bola asamalowetse anthu odzatchaja mafoni, batire lathu la sola likutha mphamvu

Kandideti: Apo bho asisi

aBanda a Fodya: Ndinali ku chigafa ndangoona kumene mauthengawa. Ndifunse kaye, mu komiti yanuyo alimo amene amalima? Chifukwa munthu wolima sangaike sukulu ya akuluakulu mu Epulo 2 koloko masana. Nthawi imeneyi fodya tikutsitsa, kusankha, kumanga, kudinda pa jeke kuti msika ukamatsegulidwa ku Chinkhoma mabelo akhale atanyamuka, uku soya wauma ukachedwa sabata imodzi ayamba kuthetheka yekha m'munda, mtedza ukudikira kukumba, chimanga chikufuna mikukwe. Munthu nsima ya masana amadyera chiimire. Inu mukuti ndisiye zonsezo ndikakhale pa benchi? Mukanaika mu Ogasiti anthu atagulitsa, m'matumba muli kanthu, mitima ili m'malo

Nabanda: Komanso Lachinayi lakelo anti munaiwala kuti ndi tsiku la amayi ku tchalitchi? Ife a Chigwirizano timakumana tsiku lomwelo, anzathu a mipingo ina chimodzimodzi. Mudzapeza mabenchi okhaokha

Nankhoma wa Laibulale: Iii zoona amayi, mu komiti tinalimo amayi awiri okha ndipo tonse sitinaganizeko. Pepani

Naphiri: Nanenso ndionjezere, ana a Sabata Loweruka m'mawa ali ku tchalitchi. Kwathu kuno mabanja a Sabata ndi ambiri ndithu

Wa Kabaza: Lachisanu Asilamu, Loweruka a Sabata, Lamulungu enafe, Lachinayi amayi, Lachiwiri msika, nde tipange tsiku lachisanu ndi chitatu basi kkkk

Aphunzitsi Opuma: Za ana n'zosavuta. Masabata a holide ikani Lachitatu m'mawa kuonjezera pa Loweruka, sukulu zikatsegulira a Sabata tiziwapatsa mabuku apite nawo kunyumba. Zovuta ndi zomwe anena aBanda. Koma ine ndikuona mosiyana nawo. Ogasiti ndi mochedwa. Munthu masamu amawafuna tsiku lomwe venda wapachika sikelo pa mtengo, osati atagulitsa kale

Wa Zaumoyo: Ndilowererepo pa nkhani ya ana ndi fodya poti yatchulidwa. Nyengo ino ana obwera ndi chifuwa ndi maso ofiira timawaona, ukafunsa umva kuti amagona kapena kuswera mu chigafa momwe muli fumbi la fodya. Wamuwisi uja nde ndi woipa kwambiri, akanyowa ndi mame chikonga chimalowa kudzera pa khungu, mwana amamva chizungulire ndi nseru anthu n'kumati ndi malungo. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa mpaka atakwana 18. Nde ngati laibulale ikuwachotsa mu chigafa ngakhale maola awiri okha ine ndikuombera m'manja

aBanda a Fodya: Adokotala ana anga sindinawalembe ganyu, amathandiza makolo awo monga ine ndinkathandizira bambo anga. Fizi yawo imachokera mu chigafa momwemo. Musatiyankhule ngati ndife zigawenga

Wa Zaumoyo: Sindinatchule munthu bambo. Kuthandiza kulipo, kutunga madzi, kutola mtedza, kuthamangitsa mbuzi. Ine ndikunena za fumbi ndi fodya wamuwisi basi

aBanda a Fodya: Chabwino ang'onoang'ono awiriwo azibwera. Wamkuluyo ayi, ndilibe womugwirira jeke

Nankhoma wa Laibulale: Tiyambire pomwepo bambo. Tsono za akuluakulu bwanji tiike Lamulungu 3 koloko anthu atachoka ku tchalitchi ndipo adya? Tsiku limenelo ambiri sapita ku munda

Nabanda: Lamulungu zitheka. Banki m'khonde yathu imakumana 1 koloko, tizingochokera konko

aBanda a Fodya: Tsikulo ndilibe nalo vuto. Koma ndinene chilungamo, ine munthu wa imvi kukakhala pa benchi kumati a e i o u ana anga akusuzumira pa windo, zimenezo ayi. Sukulu ya kwacha ndinaiyesapo kalekale, ndinapita masiku atatu, anyamata pa bawo anayamba kundifunsa kuti yunifolomu mwasoketsa kale? ndinasiyira pomwepo. Dzina ndimalemba, meseji ngati iyi ndimalemba, chimene chimandivuta ndi mapepala a Chingerezi ndi manambala aja okhala ndi kadontho pakati

Nankhoma wa Laibulale: Bambo a e i o u kulibe. Tsiku loyamba aliyense abwere ndi pepala lomwe limamusowetsa tulo. Seli shiti ya fodya, fomu ya ngongole, kalata ya ku sukulu ya mwana, kabuku ka ku sikelo ya ana, chilichonse. Tiziwerenga zimenezo

aBanda a Fodya: Seli shiti nde mwandikhudza pa bala. Chaka china ndinatumiza mabelo 6, fodya wabwino woti ndinasankha ndekha tsamba ndi tsamba. Pepala litabwera ndinapatsa mphwanga wina kuti andiwerengere, anangoyendetsa chala mpaka pansi n'kunditchulira nambala imodzi, ati amalume zanu ndi izi. Ine mtima unakana koma ndikanatsutsa ndi chani? Pepalalo ndinalipinda n'kuliika mu jumbo ya shuga, lili mu sutikesi mpaka lero, nthawi zina ndimalitulutsa kumangoliyang'ana. Sindikuti mwanayo anandibera kapena amene ananyamula fodyayo anandibera, mwina zinali zoona, koma chimandiwawa n'choti sindidziwa

Aphunzitsi Opuma: Bwerani nalo limenelo aBanda. Silovuta monga limaonekera. Belo lililonse lili ndi mzere wake, pali kulemera kwake m'makilo, giredi yomwe analipatsa, ndi mtengo wa kilo imodzi. Chimene chimasokoneza anthu n'choti mtengowo umakhala m'madola a ku America osati makwacha. Tiyerekeze belo la makilo 100 lagulidwa pa 2.10, ndiye kuti madola 210, kadontho kaja kakungolekanitsa madola ndi masenti monga kwacha ndi tambala. Mukaphatikiza mabelo onse, m'munsi mumayamba zochotsera, msonkho, za mayendedwe, za msika, ngongole ya zipangizo ngati munalima pa kontirakiti. Zotsalazo ndi zomwe amazisintha kupita m'makwacha pa mtengo wa dola wa nthawi imeneyo. Munthu ukadziwa malo anayi amenewa palibe angakuyendetsere chala. Masana amodzi ndi kakyuleta ya pa foni yanu yomweyo mudzatuluka mukuwerengera anzanu

aBanda a Fodya: Mukatero nde ndibwera. Koma windo lija mutseke ndi katoni

Wa Kabaza: yunifolomu ndikusokerani ine madala kkkkk

Nabanda: Ife amayi chomwe tikufuna ndi masamu a chiwongoladzanja ndi kalembedwe ka m'kaundula. Gulu lathu tilipo 18 koma olemba ndi awiri okha, mmodzi akadwala zonse zimaima, ndipo pogawana mu Disembala pamakhala mapokoso chifukwa ena samvetsa kuti wa masheya ambiri amalandira zambiri bwanji. Chinanso ndi mauthenga a pa foni aja oti ndatumiza ndalama molakwitsa mundibwezere, mayi wina wa gulu lathu anabweza ndalama zoti sanalandire n'komwe, za fetereza. Muphunzitse anthu kuona balansi kaye asanayankhe, ndi kuti nambala yachinsinsi sapatsa munthu ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku ofesi

Naphiri: Ndi za sikelo za mavenda. Ine ndinaphunzira kwa apongozi anga, popita kukagulitsa soya ndimatenga paketi ya shuga ya 1 kg yosatsegula, ndimati tayambani mwapachika iyi. Ikaonetsa zosakwana kilo ndimanyamula thumba langa. Wina anandilalatira kuti mayi inu ndinu a boma kapena? kkkk

Make Tadala: Imeneyo nde ndaitola lero

Alangizi: Ngati mungandipatse Lamulungu limodzi mu Meyi ndidzakambeko za kasungidwe, poti timalimbikira kulima koma zambiri zimathera mu nkhokwe. Zitatu zokha. Choyamba chuku mu mtedza, anthu amawaza madzi kuti makoko afewe poswa, kumeneko ndi kuitana chuku, ndipo poizoni wake satha ngakhale mukazinge kapena kusinja nsinjiro, amawononga chiwindi pang'onopang'ono komanso ndi chifukwa chake ogula akunja amaukana mtedza. Chachiwiri kudziwa ngati chimanga chauma, mumatenga botolo louma bwino, kuikamo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, kutseka n'kukhutchumula, mchere ukamamatira m'mbali ndiye kuti sichinaume, chibwerere pa dzuwa. Chachitatu matumba a PICS aja, ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, mukamanga bwino lililonse palokha mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala, koma anthu amamanga onse pamodzi kapena kumatsegula tsiku ndi tsiku nde n'kumati sagwira ntchito. Ndidzabwera ndi thumba ndi botolo anthu adzaone ndi maso. Timabuku ta ulimi ta Chichewa ndili nato tingapo ndidzasiya pa shelefu

Nankhoma wa Laibulale: Alangizi mwalembedwa kale, simungathawenso

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Ndawerenga zonse koma abale tikunena zoona mu zaka zino tikadakambirana za mabuku a fumbi? Kuno ku Johannesburg mwana aliyense zinthu amazipeza pa foni, chilichonse chili pa intaneti. Mukanalimbana zopeza wayifayi basi. Ine ndikamabwera mu Disembala ndibweretsa malaputopu atatu

Wa Kabaza: Disembala wake uti akulu, poti wa chaka chatha munatinso atatu

Make Tadala: kkkkkkk

Kandideti: Bigi intaneti tikuifuna ndithu, mapepala a mayeso akale ambiri timatumizirana pa WhatsApp. Koma bandulo ndi ndalama, netiweki kuno mpaka ukwere pa chulu, ndipo foni m'nyumba mwathu ndi imodzi ya bambo, akapita nayo ku Chinkhoma masiku atatu ine basi ndilibe sukulu. Buku la bayoloje la ku laibulale silitha chaji

Wa ku Joni: Zinavuta pa boda chaka chatha, chaka chino ndi zenizeni

Aphunzitsi Opuma: Malaputopu abwere tidzawalandira ndi manja awiri. Koma mawu oti mabuku a fumbi, kwa ife a Kasungu sayenera kutuluka pakamwa. William Kamkwamba ndi wa konkuno ku Wimbe. Njala ya 2001 mpaka 2002 ija, enanu munali ana koma ife tinaiona, anthu kudya gaga ndi zikhawo za nthochi, mnyamatayu anasiyira sukulu ya sekondale panjira chifukwa makolo analibe fizi. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa pulayimale ya Wimbe, mashelefu ochepa chabe, mwina osaposa athuwa. Kumeneko anapeza buku la sayansi la Chingerezi lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezicho sankachimva bwino, ankatsatira zithunzi ndi kufunsa mawu. Anakatola zitsulo kotaya zinthu, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki n'kuwawongola pa moto, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, mitengo ya bulugamu, anthu akumuti wapenga kapena akusuta chamba. Ali ndi zaka 14 babu linayaka kwawo. Mu 2007 anakayankhula ku msonkhano waukulu ku Arusha ku Tanzania, kenako anakaphunzira ku Dartmouth College ku America n'kumaliza mu 2014. Chimene ine ndimachiona pa nkhaniyi si mphepo ayi, ndi choti panali chitseko chotsegula ndi munthu amene analola mwana wosavala yunifolomu kubwereka buku

Nankhoma wa Laibulale: Apa aphunzitsi mwandikumbutsa, lamulo lathu lija loti wobwereka buku abwere ndi kalata ya ahedi tiyenera kulionanso. Mwana wosiya sukulu kalata aitenga kuti? Ndikakamba ndi komiti kuti kalata ya amfumu kapena kholo kubwera naye zizikwanira

Fundi wa Sola: Za achinyamata Lachitatu ndi ine ndikutsogolera. Sitiyamba ndi zazikulu. Sabata yoyamba batire, waya, switchi ndi babu, aliyense ayatse lake. Yachiwiri kugwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi, chifukwa ma sola ambiri m'midzimu anthu amati afa pomwe ndi waya wadyedwa ndi khoswe kapena panelo yadzaza fumbi, ena amalumikiza panelo ku batire mwachindunji popanda kontirola nde batire limaphika miyezi itatu latha. Kenako tidzayesa kamakina kathu koyendera mphepo kakang'ono ka pa 23 paja. Ndikusowa dayinamo ya njinga, masiku ano anthu anasiya kuika, amene ali nayo yakale atibwereke

Wa Kabaza: ndili nayo ya malemu agogo ili pa denga, koma mudzalembe dzina langa pa chimphepocho

Naphiri: Afundi za mawayazo ndi za anyamata okha kapena? Wanga wamkazi wa Fomu 2 ndi amene amakonza tochi ndi wailesi m'nyumba muno, achimwene ake amangodziwa kuswa

Fundi wa Sola: Abwere mayi, ndipo abwere ndi anzake. Sindikufuna kalasi ya anyamata okhaokha

Naphiri: Nde muzimaliza 4 koloko osapitirira. Mwezi wa Meyi dzuwa limafulumira kulowa ndipo njira ya kudambo ija udzu ndi wautali nthawi ino, atsikana aziyenda kukuwala komanso pagulu

Fundi wa Sola: 2 mpaka 4, zamveka. Makompyuta azisinthana awiriawiri mphindi 20

Mdzukulu wa Agogo: Moni nonse, ndikulembera agogo aNgozo ali pambali panga pano, ndawawerengera zonse. Akuti nthano ali nazo zambiri zoti mwezi utha asanabwereze, za Kalulu, za Fisi, za mkamwini wadyera, koma akuti kodi inu simudziwa kuti nthano sanena masana? Akuti iwo anakula akuletsedwa

Aphunzitsi Opuma: Muwauze agogo kuti akuluakulu ankaletsa pofuna kuti ana asathawe ntchito masana n'kumakakhala pa nthano. Apa makolo avomereza okha, ngakhale aBanda apereka awiri, ndiye mlandu palibe

Mdzukulu wa Agogo: Aseka. Akuti chabwino koma pakhale mpando wotsamira poti msana, ndi tiyi. Akutinso ana a masiku ano sadziwa kuyankha, munthu umati padangotero iwo ali duu kukuyang'ana ngati wailesi, nde tsiku loyamba adzayamba kawaphunzitsa kuvomera ndi nyimbo zake. Akufunsanso ngati bawo ilipo ya azibambo, akuti mukaika bawo pa khonde amuna adzabwera okha osaitanidwa

aBanda a Fodya: Agogo anena zoona. Bawo yanga ndibweretsa, koma tizisewera tikamaliza mapepala osati tisanayambe, ndikuwadziwa anzanga

Nankhoma wa Laibulale: Mpando ulipo agogo. Ndipo ndili ndi pempho. Mabuku a ana omwe tili nawo ambiri ndi olandira kuchokera kunja, a Chichewa sakwana 20 ndipo ena masamba anathothoka. Mwezi watha ndinkawerengera ana lina la Chingerezi, muli chipale chofewa chikusungunuka, mitengo ikuphuka, ana avula majekete akusangalala kuti kuzizira kwatha, chifukwa kwawoko ku Ulaya Malichi mpaka Meyi ndi nthawi imeneyo. Kamtsikana kena kanandifunsa kuti anti nde chimanga chawo amakolola liti? Ndinasowa poyambira. Ife miyezi yomweyo ndi masika, maungu, nzimbe, mtedza wauwisi, kuzizira kukubwera kumene. Sindikuti mabukuwo ndi oipa, ana adziwe kuti dziko ndi lalikulu, koma akufunikanso kuwerenga za mjigo ndi ngolo. Nde ndimati agogo akamanena nthano tizijambula mawu pa foni, akandideti ndi anzawo azilemba bwinobwino m'makope a chikuto cholimba, ana azijambula zithunzi zake, pofika kumapeto kwa Meyi tikhale ndi mabuku athuathu pa shelefu. Ndalemberanso a National Library Service ku Lilongwe kupempha ngati angatiganizireko ndi a Chichewa

Kandideti: Kulembako ndithandiza tikamaliza mayeso asisi, panopa ayi. Koma a Fomu 3 alipo, ndiwauza. Zithandizanso pa Chichewa, anthu timalakwa kalembedwe pomwe timayankhula tsiku lililonse

Mdzukulu wa Agogo: Agogo akuti pa bukupo padzalembedwe kuti nthano ndi zawo, asadzabwere wina n'kumati anapeka yekha

Nankhoma wa Laibulale: Dzina lawo lidzakhala pachikuto penipeni

Make Tadala: Za tiyi wa agogo ndi kanthu ka ana tisavutike, ndi masika ano. Kholo lililonse likamatumiza mwana lizimupatsira kaya dzungu, kaya mbatata, kaya chimanga chachiwisi, ife amayi atatu tizisinthana kuphika. Shuga nde tisonkherane

Wa ku Joni: Shuga ndi makope ndi makrayoni zikhale kwa ine, nditumiza mawa pa foni ya anti

Wa Kabaza: skrinishoti ndatenga

Nankhoma wa Laibulale: kkkk zikomo achimwene, zikafika ndidzanena pompano. Nde mmene zakhalira, ana Loweruka 9 mpaka 11 ku mthethe, ndi Lachitatu m'mawa nthawi ya holide. Achinyamata Lachitatu 2 mpaka 4. Akuluakulu Lamulungu 3 koloko, aliyense ndi pepala lake. Za pa 23 tikakambirana ndi amfumu, likakhala tsiku la sukulu tidzasunthira ku Lamulungu loyandikira kuti a Sabata asatsale. Chomaliza, ndipo apa ndikupempha ndi mtima wonse, mu kaundula wanga muli mabuku 27 omwe sanabwerere chiyambire chaka chatha. Sindilipiritsa munthu, ndaika katoni pa khonde, mungoponyamo ngakhale usiku palibe adzakuoneni. Lina ndinalipeza pa msika masamba ake akukulungira zitumbuwa, lina linabwerera masamba 12 a kumapeto palibe ndipo likununkha chingambwe

aBanda a Fodya: Ameneyo si mlimi wa fodya weniweni, ife wathu timagulitsa sitisuta

Wa Kabaza: anti lija la malamulo a pamsewu lili ndi ine, ndimafuna ndikayese laisensi ya njinga yamoto. chikuto chinanyowa pang'ono ndi mvula ya mu Janyuwale koma mkati muli bho

Nankhoma wa Laibulale: Ndimadziwa kale kuti lili kwa inu, munasaina ndinu. Mubwere nalo pamodzi ndi dayinamo

Wa Kabaza: mawa ndikatsitsa kasitomala wa ku chigayo ndidutsa

Kandideti: Mubwerenso ndi galasi la windo achimwene